Mmene lona linawonongera galimoto yanga ku Zomba

Mu Okutobala 2022, nthawi imene mafuta ankasowa moti anthu ankagona pa mizere, galimoto yanga inayamba kukhala pakhomo masiku ambiri osayenda. Ndi Corolla Axio yakuda, ndipo nyumba imene ndimachita lendi ku Old Naisi, m'munsi mwa phiri, ilibe galaja. Malo okhawo oimikapo galimoto anali pa dothi, pansi pa mtengo wa mango. Patangotha sabata ziwiri, denga ndi boneti zinali zitadzaza utomoni, zitosi za mbalame ndi fumbi la chilimwe. Ndinaganiza zoivundikira. Ganizolo silinali loipa ayi. Chinandipweteka ndi chinthu chimene ndinavundikirira, ndiponso mmene ndinachigwiritsira ntchito.

Kava yeniyeni ya galimoto ndinaifunsa pa shopu ina ya zipangizo m'tauni, anati K45,000. Ndinaona ngati kuwotcha ndalama. Ndinalowa mumsika n'kugula lona la buluu, lija la pulasitiki yolukidwa lokhala ndi timphete tachitsulo m'mphepete, la mamita 4 m'lifupi ndi 6 m'litali. Linali K18,000, kuwonjezerapo chingwe cha nayiloni. Wogulitsayo anathirapo madzi a m'botolo ine ndikuona, madziwo n'kungoyenderera. Anati, "Achimwene, apa dontho silingadutse." Sananame. Koma chinthu chimene dontho silingadutse kulowa, silingadutsenso kutuluka, ndipo zimenezo sindinaziganizire.

Ndinavundikira madzulo a tsiku lomwelo. Madzi a pampopi anali atasiya kutuluka, choncho sindinatsuke galimoto. Ndinangokuntha fumbi ndi kansanza kouma, zitosi ndi utomoni n'kuzisiya pomwepo. Lonalo linali lalikulu moti linkafika pansi mbali zonse, ndiye ndinalitsindira ndi njerwa. Chingwe ndinachikoletsa m'timphete tija n'kuchizunguliza thupi lonse la galimoto ngati ndikumanga thumba la makala. Usiku umenewo ndinagona mtima uli m'malo.

Mvula yoyamba itagwa mu Novembala ndinkasangalala ndikamaimva ikulira pa lona. Chenjezo loyamba linabwera m'mawa wina nditakweza ngodya kuti nditenge pepala limene ndinaiwala m'galimoto. Boneti inali chinyowere, madontho ali lende kunsi kwa lona, pomwe kunja kunali kutauma kalekale. Ndinafufuza pobooka koma panalibe. Madziwo sankachokera kumwamba, ankachokera pansi. Dothi lonyowa likawombedwa ndi dzuwa limatulutsa nthunzi, ndipo lona lofika pansi limaikola yonse. Usiku chitsulo chikazizira nthunziyo imasanduka madzi n'kukhala pakati pa penti ndi pulasitiki. Masana lona limatenthanso, madzi aja n'kufunda. Tsiku ndi tsiku galimoto imakhala ngati mbatata imene ili mumphika wovundikira. Kuno kumunsi kwa phiri vutoli ndi lalikulu kuposa kumadera ouma, chifukwa mitambo imakhala pa phiri nthawi yaitali ndipo nthaka siuma msanga. Ndikanazindikira tsiku limenelo, ndikanangovula lonalo n'kusiya galimoto pamtetete, ndipo nkhani ino sikanakhalapo. M'malo mwake ndinatsitsa ngodyayo n'kubwezerapo njerwa.

Mu Disembala galimoto inkayenda mwa apo ndi apo. Ndikabwerako ndinkavundikira pomwepo, nthawi zina ili yonyowa ndi matope a mumsewu, injini idakali yotentha. Kenaka kumayambiriro kwa Januwale 2023 anandituma kukagwira ntchito ku Lilongwe kwa sabata khumi ndi imodzi, ndipo ndinapita pa basi. Ndinakoka handibuleki, mawindo ndinatseka kuti gwa, batire ndinalisiya cholumikiza, ndipo m'buti munali mtedza wotayika umene sindinasese. Amene anatsala pakhomo ndinawauza mawu amodzi okha, akuti asakhudze lonalo. Iwo anamvera bwino lomwe.

Pakati pa Malichi kunabwera namondwe wa Freddy. Anthu ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe anataya abale ndi nyumba, choncho za galimoto yanga ndi zazing'ono kwambiri poyerekeza ndi zimenezo. Ndikutchula namondweyu chifukwa mvula ndi mphepo ya masiku amenewo zinamaliza ntchito imene lona linali litayamba. Ndinafika pakhomo kumapeto kwa mweziwo. Lona linali litatuwa, ndipo m'mene linapindika munali mutayamba kunyenyeka, tizidutswa ta buluu n'kumatsalira m'manja. Pulasitiki yotereyi dzuwa limaidya msanga. Nditamasula chingwe n'kukoka, fungo la chuku linandilandira ndisanatsegule n'komwe chitseko. Ndinangoti kakasi.

Pa boneti ndi pa denga panali zigamba zoyererako ngati mkaka wothiridwa pansi pa galasi, zina zazikulu ngati mbale ya nsima. M'mphepete mwa denga, pamwamba pa magalasi a m'mbali ndi pa ngodya za bampala, penti inali itakhulika n'kusiya kuwala. Awa ndi malo amene lona limakhudza mwamphamvu, ndipo mphepo ikamaliwomba limakhula fumbi lija ndinalisiya, ngati sandipepa, usana ndi usiku. Pa zitseko zinayi zonse panali mzere umodzi wowongoka pamene panadutsa chingwe. Kumbuyo, kamphete kachitsulo kanali katagogoda malo amodzi mpaka kufika pa chitsulo, ndipo dzimbiri linali litayamba. Pamene panali zitosi, penti inadyeka n'kusiya timaenje tooneka ngati mapu.

Mkati munali moipa kuposa kunja. Chiwongolero, malamba a pampando ndi m'mphepete mwa mipando zinali mbuu ndi chuku. Kapeti ya kutsogolo, mbali ya wokwera, inkatuluka madzi ndikaponda. Gwero la madziwa ndinadzalipeza pambuyo pake. M'munsi mwa galasi la kutsogolo, pamene pamakhala mawaipa, muli ngalande yokhala ndi timabowo totulutsira madzi m'mbali zonse ziwiri. Masamba a mango amene analowamo lona lisanaikidwe anawolera momwemo n'kutseka timabowoto. Mphepo ya namondwe itakankha lona, madzi anadzaza ngalandeyo n'kusefukira mkati kudzera polowera mpweya wa fani. Kuchotsa masambawo ndi ntchito ya mphindi zisanu, ya zala ndi kawaya basi.

Nditatembenuza kiyi panalibe ngakhale kagetsi kamodzi koyaka. Batire linali litatheratu, ndipo batire la galimoto likakhala lopanda moto kwa sabata zambiri nthawi zambiri silidzukanso bwino ngakhale mulitchaje. Nditatsegula boneti ndinapeza zikhokho za mtedza ndi mapepala ong'ambika m'bokosi la fyuluta ya mpweya. Makoswe anali atapeza nyumba yamdima, yofunda, yopanda mphaka, ndipo lona lofika pansi linali makwerero awo. Anatafuna mawaya awiri. Titaika batire lobwereka n'kukonza mawayawo, injini inalira koma galimoto inakana kusuntha, chifukwa mabuleki a kumbuyo anali atamatirira ku dilamu ndi dzimbiri. Handibuleki yokokedwa kwa miyezi pamalo a chinyezi imatero. Galimoto ya otomatiki ikamakhala nthawi yaitali, pamalo osatsetsereka, ndi bwino kuisiya pa P n'kutsekereza matayala ndi zipika kapena miyala, handibuleki osakoka.

Mmisiri wopopera penti amene ndinapitako ndi bambo wachikulire. Anazungulira galimoto kawiri, akusisita ndi chikhatho, kenaka anafunsa kuti ndinavundikira ndi chiyani. Nditawauza anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Bwana, safunsa anadya phula. Bola mukanaisiya pa mvula." Ndinawafunsa kuti, "Nanga madala, tipopere yonse?" Anakana. Anati ndibwerere nayo kunyumba, ndiitsuke, ndiiimike pa dzuwa kwa sabata yathunthu osaikapo chilichonse. Anafotokoza kuti zigamba zoyerazo ndi chinyezi chimene chalowa mu clear coat, penti yoonekera ija imakhala pamwamba pa mtundu, ndipo kawirikawiri chimatuluka chokha galimoto ikatenthedwa. Uphungu umenewo unandipulumutsira ndalama zambiri. Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi boneti inali itabwerera mwakale. Denga lokha ndi limene silinachire, chifukwa mwini wake woyamba anali atalipopera kale ndipo penti yachiwiriyo inali yofooka. Inayamba kusupuka ngati khungu la njoka.

Pa zokalika anandiphunzitsa kuyesa ndi chikhadabo. Mukayendetsa chikhadabo modutsa mzere ndipo sichikukodwa, makina opolishira atha kuuchotsa. Chikakodwa ndiye kuti mzerewo walowa mkati, ndipo polishi amangoubisa masiku ochepa. Njira ina ndi kuthirapo madzi: mzere umene ukuzimirira ukanyowa ndi wapamwamba.

Ndalama zinayenda motere, ndipo iyi ndi mitengo ya Epulo 2023, kwacha isanagwe mu Novembala chaka chomwecho. Batire latsopano K95,000, wamagetsi K25,000, fyuluta K12,000, kumasula ndi kutsuka mabuleki K15,000. Kuchapa mkati kunatenga K30,000 ndi masiku anayi, chifukwa pansi pa kapeti pali chinsalu chokhuthala ngati bulangete chimene chimasunga madzi, ndipo sichiuma pokhapokha mutachotsa mpando n'kukweza kapetiyo. Chuku tinachipukuta ndi viniga woyera wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana. Jiki musayerekeze kuthira pa mipando kapena pa malamba, amasukulutsa nsalu n'kufooketsa ulusi. Kupolisha thupi lonse K40,000, kupopera denga K160,000. Ntchito imene anati ya masiku atatu inatenga masiku asanu ndi anayi, chifukwa magetsi ankazimazima ndiponso sakanapopera kunja kukuchita chinyezi. Zonse pamodzi K377,000. Pogula lona m'malo mwa kava ndinali nditapulumutsa K27,000.

Potenga galimoto mmisiri uja anandiletsa kuvundikira denga latsopanolo kwa mwezi wathunthu, ndipo anati miyezi iwiri ingakhale bwino koposa. Penti yatsopano imaoneka youma koma imakhala ikutulutsabe mankhwala osungunulira, ndipo mukaitsekera imafewa n'kudindika maonekedwe a nsaluyo.

Ndikanakonda kunena kuti apa ndinachenjera, koma ndinalakwitsanso kachiwiri. Mu Juni ndinagula kava yasiliva kwa wogulitsa m'mbali mwa msewu ku Limbe pa K30,000. Inali yopyapyala ngati ambulera, yopanda nsalu yofewa mkati, yopanda malamba a pansi, ndipo ndinatenga ya XL poganiza kuti yaikulu ndiyo yabwino. Mphepo ya mwera itayamba kavayo inkafufuma ngati chibaluni n'kumamenya zitseko. M'sabata zisanu ndi imodzi inang'ambika pa galasi la m'mbali, ndipo m'mawa wina ndinakaitola pa mpanda wa aneba. Mwayi wake ulendo uno ndinkavundikira galimoto yotsuka, ndiye penti sinavulale kwenikweni.

Kava yachitatu, imene ndili nayo mpaka lero, ndinakagula nditanyamula tepi. Zilembo za M, L ndi XL musamazikhulupirire, chifukwa fakitale iliyonse ili ndi miyezo yakeyake. Yezani galimoto kuchokera ku bampala ya kutsogolo kufika ya kumbuyo mowongoka, osatsata kupindika kwa denga, muyezenso m'lifupi ndi msinkhu, kenaka muyerekeze ndi manambala olembedwa pa paketi. Axio ndi pafupifupi mamita 4.4, Vitz sikwana mamita 4, pomwe Hilux ya zitseko zinayi imapitirira mamita 5. Kaumbidwe nakonso n'kofunika. Sienta ndi yaifupi kuposa Axio koma ndi yaitali msinkhu ndipo kumbuyo kwake n'koimirira, choncho kava ya saluni siingaikwane bwino ngakhale utali utagwirizana. Kava yoyenera imagwira thupi ngati malaya osokedwa kwa telala, ndipo m'mphepete mwake mumathera pansi pa zitseko ndi mabampala, n'kusiya mpata pakati pa nsalu ndi dothi kuti mphepo izidutsa kunsi.

Chachikulu pa zonse ndi nsalu yopuma. Makava abwino a panja amapangidwa ndi nsalu zitatu kapena kuposerapo zomatidwa pamodzi: yakunja yothamangitsa madzi ndi kupirira dzuwa, yapakati yokhala ndi timabowo tating'ono kwambiri todutsa nthunzi, ndi yamkati yofewa ngati thonje. Mu shopu mungayese pogunditsa nsaluyo pakamwa n'kupemerera mwamphamvu. Ikakhala pulasitiki yeniyeni masaya amangofufuma. Kunyumba pali kuyesa kodalirika kuposa apo. Thirani madzi owira m'kapu, vundikirani ndi ngodya ya kavayo, pamwamba musanjikepo tambula yozizira chozondotsa. Pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri tambulayo ikachita nkhungu mkati ndiye kuti nsaluyo ikupuma. Lona lija nditaliyesa chomwechi tambula inakhala mbee. Dziwani kuti kava yopuma imalola kachinyezi pang'ono mvula ikakhala yamphamvu, ndipo poyamba zimenezi zinandikhumudwitsa. Koma dzuwa likatuluka imauma pamodzi ndi galimoto m'maola ochepa, ndipo chimene mukulipira n'chimenecho.

Yang'ananinso misoko, chifukwa madzi amalowera m'mabowo a singano. Misoko yabwino imakhala yomatidwa ndi kansalu kunsi kwake. Payenera kukhala lasitiki kutsogolo ndi kumbuyo, matumba a magalasi a m'mbali, ndi malamba odutsa pansi pa galimoto okhala ndi zomangira za pulasitiki. Chitsulo chilichonse chimene chingakhudze penti chikaneni. Mtundu wowala, wasiliva kapena wotuwa, umabweza dzuwa kuposa wakuda. Yangayi inali K72,000 pa shopu ina ku Blantyre, ndipo inabwera ndi lamba mmodzi yekha wapakati. Telala wa mumsika anandisokera ena awiri, wina wodutsa kumbuyo kwa matayala a kutsogolo, wina kutsogolo kwa matayala a kumbuyo. Chiyambire pamenepo mwera sunaisunthenso.

Kavundikiridwe kake tsopano ndi aka. Galimoto iyambe yatsukidwa ndi kuuma, mpaka m'mphepete mwa zitseko ndi kuzungulira buti momwe madzi amabisala. Ngati yangochokera paulendo ndimadikira theka la ola kapena kuposerapo kuti ekizozi ndi boneti zizizire, popeza paipi yotentha imasungunula nsalu. Eliyo ndimaimasula, magalasi ndimawapinda, ndipo pa ngodya zakuthwa monga za nambala puleti ndimavekapo sokosi yakale. Kava ndimaiyala pa denga n'kuitambasula kupita kutsogolo ndi kumbuyo, osaikoka chokhwekhwereza kuchokera pansi. Malamba ndimawakankhira kunsi ndi ndodo ya tsache, chifukwa mukawaponya chomangiracho chimamenya chitseko. Amangidwe mogwira koma osakoka mpaka nsalu kulira.

Povula ndi pamene ambiri amaipitsira mbali ya mkati. Ndimapindira mbali zonse ziwiri pamwamba pa denga, kenaka n'kukulunga kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, kuti nsalu yofewayo isakhudze dothi ngakhale pang'ono. Kamchenga kamodzi kakakodwa mu nsalu imeneyo kadzakala penti ulendo uliwonse. Kutsogolo ndinalembako ndi penti kuti ndisamazunguzike mumdima, ndipo pambali ndinalemba nambala ya galimoto m'zilembo zikuluzikulu, chifukwa kava nayo imabedwa ndipo yolembedwa imavuta kugulitsa. Ikanyowa siipindidwa, imayanikidwa pa chingwe kaye. Kuchapa ndi madzi ozizira ndi sopo wochepa wosalusa, ili chovekedwa pa galimoto yotsuka, kenaka kutsukuluza bwino. Sopo wa ufa wamphamvu amachotsa mankhwala othamangitsa madzi aja.

Pali mfundo imene ogulitsa sanena. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku m'misewu yafumbi ya kwathu kuno siyenera kuvundikiridwa madzulo aliwonse, pokhapokha ngati mumaitsuka madzulo aliwonsenso. Kuika kava pa fumbi la tsiku limodzi n'kubwereza zomwe ndinachita ndi lona, kungoti pang'onopang'ono. Kwa galimoto yotere chotchinga cha pa galasi la kutsogolo chimakwana kuteteza dashibodi ku dzuwa la Okutobala, ndipo polishi wa phula miyezi itatu kapena inayi iliyonse amathandiza penti. Zitosi zichotsedwe tsiku lomwelo, makamaka za mileme nthawi ya mango: yalani kansalu konyowa pamwamba pake kwa mphindi zisanu kapena khumi, zikafewa munyamule, osapekesa, popeza mumakhala timchenga ndi tinjere. Ine kava ndimaitulutsa galimoto ikamakhala masiku atatu kapena kuposerapo.

Ikamakhala sabata zambiri, kava payokha siikwanira. Waya wa negetivu wa batire, wakuda uja, umasulidwe ndi sipanala ya 10 n'kuukankhira pambali. Chakudya chilichonse chichoke, ngakhale nyenyeswa za pansi pa mipando. Udzu wozungulira utchetchedwe. Matayala apopedwe kufika pa muyezo wolembedwa pa kapepala ka pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, kapena kupitirirako pang'ono. Mkati ndimasiyamo beseni la makala ouma kuti achepetse fungo, ngakhale sangalimbane ndi madzi olowa. Koposa zonse pakhale munthu woti kamodzi pa sabata, tsiku la dzuwa, avule kava, atsegule zitseko kwa ola limodzi, asuzumire mu boneti ndi m'ngalande ya mawaipa. Akakhala wodziwa kuyendetsa, ulendo wa mphindi makumi awiri kapena atatu sabata ziwiri zilizonse umaposa kungoliza injini pamalo amodzi, chifukwa mabuleki amachotsa dzimbiri ndipo matayala amasintha pokhalira. Nyengo ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, isakupusitseni poti si dzinja. Kamvula kowaza ndi nkhungu zimatha masiku atatu kapena anayi osaleka, kava imakhala yonyowa nthawi yonseyo, ndipo dzuwa likangotuluka iyenera kuvulidwa.

Zinanso kava siingathe n'komwe. Bango likagwa kuchokera pamwamba pa mtengo limafwanyula denga, kaya pali nsalu kaya palibe, ndipo ndili ndi kadzenje pa buti kochitira umboni. Apusi otsika m'phiri akamathamangitsana pa galimoto zikhadabo zawo zimaboola nsalu. Matalala akamaoneka kuti akubwera, mabulangete akale awiri oyalidwa pa denga ndi pa boneti, kunsi kwa kava, amathandiza, koma achotsedwe mvula ikangokata chifukwa amamwa madzi. Ndipo mthunzi wa mtengo, umene ndinkauona ngati mwayi, ndi umene unkabweretsa utomoni, masamba, mbalame ndi mileme pamodzi.

Mu Seputembala 2023 ndinakhala pansi ndi amayi eni nyumba. Ndinawapempha kuti, "Amayi, mundilole ndimange kashedi pambali pa nyumba, kutali ndi mtengowu. Ndikadzasamuka kadzakhala kanu." Anavomera, n'kunena kuti theka la ndalamazo tizidula pa lendi. Shediyo ndi ya mamita 3 m'lifupi ndi 5.5 m'litali, mizati isanu ndi umodzi ya bulugamu yopakidwa mankhwala a chiswe m'munsi n'kuzikidwa mu simenti, ndi malata asanu ndi atatu a mafiti 12 otsetserekera mbali imodzi. M'mbali ndinasiya mopanda makoma kuti mphepo izidutsa. Pansi tinathira miyala ya kwale yokhuthala pafupifupi masentimita 10 n'kukumba kangalande kumtunda kuti madzi otsika m'phiri azilambalala. Zonse zinakwana K310,000, ndipo miyala ya pansiyo ndimaiwerengera kuti inagwira theka la ntchito, popeza ndi imene inathetsa nthunzi yochokera m'dothi. Amene sangakwanitse malata atha kuyamba ndi neti ya mthunzi, ija ya m'manazale a mbewu, yokhuthala kwambiri. Imachepetsa dzuwa ndi mphamvu ya matalala, koma mvula imadutsa.

Pansi pa shedi kava imagwira ntchito yochepa, ya fumbi ndi mphaka wa aneba amene amakonda kugona pa boneti. Dzinja lathali ndinachokapo sabata zitatu, ndinapeza galimoto youma mkati ndi kunja, ndipo inalira nditangolumikiza batire. Mzere wa chingwe uja unachoka pa zitseko zitatu. Pa chitseko cha dalaivala unali utalowa kwambiri, ndipo umaonekabe dzuwa likapendeka madzulo. Mmisiri anati kupopera chitseko chimenecho pa mitengo ya lero kungapose zimene ndinalipira pa denga, ndiye ndinachisiya chomwecho.